Unkhoswe Woyenda Pansi ku Cologne

Ndinanyamuka ku Beaumont Leys, dera lathu mumzinda wa Leicester ku Mangalande, Loweruka kusanache bwino, nditavala suti yanga yakuda, chipewa ndi nsapato zatsopano zosongoka kutsogolo. Mayi akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa ngati ndikupita kumaliro kapena kukhoti. Ndinawayankha kuti ndikupita kukagwira ntchito ya umalume, ndipo ntchito imeneyo sagwira atavala jinzi.

Nkhani yake inali iyi. Takondwa, mwana wa achemwali anga a ku Dedza, ndi namwino ku Nottingham. Kumeneko anapeza mwamuna, mnyamata wa ku Jeremani dzina lake Jonas, injiniya ku Derby. Mnyamatayo anali atabwerapo kunyumba kwanga. Amadya chilichonse ndipo amatsuka mbale osauzidwa, zomwe zinasangalatsa mayi akunyumba koma ine zinandisokonezera mtendere wa m'banja. Komatu kwathu sitipereka mwana kwa munthu chifukwa chotsuka mbale. Timayamba taona kwawo. Timakhala pansi ndi akuluakulu ake, kenako timazemba n'kukafunsa anansi kuti banja limeneli ndi lotani, muli akuba kapena ayi, amuna ake amamenya akazi kapena ayi. Safunsa anadya phula. Achemwali sakanatha kubwera, choncho udindo wonse unagwera ine, dalaivala wa basi ya mu Leicester.

Dzulo lake achemwaliwo anali atandiimbira foni.

"Achimwene, mukafufuze bwinobwino," anatero. "Koma za Pemphero, pakamwa patsekeke. Azungu sachedwa kuthawa. Ukwati uyambe wachitika."

Pemphero ndi mtsikana wa zaka khumi. Takondwa anamubereka ali ku sekondale, ndipo banja linagwirizana kuti mwanayo akhale mzime wa achemwali kuti mayi wake abwerere kusukulu. Mwanayo amadziwa, mudzi wonse umadziwa, koma palibe amene amanena. Takondwa amamutumizira fizi, zovala ndi mabuku, ndipo iye amathokoza kuti, "Zikomo asisi." Ngati Jonas anauzidwa kapena ayi, ine sindinafunse. Malume wanzeru safunsa funso limene yankho lake lingamupatse ntchito.

Takondwa ndinamupeza padepoti ya mabasi m'tauni, atavala jekete la mvula ndi nsapato zothamangira. Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

"Ankolo, mulibe ma trainer m'chikwamamo? Lero tiyendatu."

"Tiyenda pa ndege," ndinatero. "Ndege ilibe matope."

Basi yopita kubwalo la ndege la Birmingham inatidya mapaundi khumi ndi awiri aliyense. Ndinakhala kutsogolo kuti ndione mmene mnzanga akuyendetsera, ndipo sindinakhutire naye. Njira yonse ndinkabwereza m'mutu mawu amene ndikalankhule kwa akuluakulu a kuchimuna. Ndinali nditawakonza m'Chichewa, n'kuwasandutsa Chingerezi, ndipo miyambi iwiri inafera m'njira. M'chikwama munali chitenje chabwino ndi mapaketi a tiyi wa ku Thyolo, mphatso ya apongozi.

Ndege yake inali ya mtengo wotsika, ija imakugulitsa ngakhale madzi. Tiyi wa m'kapu ya pepala anali mapaundi atatu, ndiye ndinangomeza malovu mpaka tinatera ku Düsseldorf. Apo tinakwera sitima yopita ku Cologne, kwawo kwa Jonas. Amene amati Ajeremani sachedwa ndi amene sanakwerepo sitima yawo. Inabwera mochedwa, inaima pakati pa minda popanda chifukwa, ndipo anthu onse anangokhala chete ngati ali pamzere wa kuchipatala. Ndinamva ngati ndili kwathu.

Cha m'ma 12 koloko tinawoloka mlatho wachitsulo n'kulowa pasiteshoni. Ukangotuluka pakhomo, tchalitchi chimakugwera m'maso, chachitali mpaka khosi kuwawa, chakuda bii ngati poto wa pamafuwa. Jonas anatidikira pamasitepe ake. Anandigwira chanza ndi manja awiri monga mmene Takondwa anamuphunzitsira. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna galimoto yotitengera kunyumba.

"Amayi ali apo," anatero Jonas, akuloza.

Apo panali mayi wa imvi, tsitsi lometa mwachimuna, thalauza, nsapato zonga za Takondwa, atakweza m'mwamba ambulera yachikasu yosatambasula. Anali atazunguliridwa ndi alendo oposa khumi, ena ndi makamera pakhosi. Jonas anafotokoza kuti amayi ake anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo Loweruka lililonse amayendetsa alendo mumzindamo wapansi, mayuro khumi ndi asanu munthu mmodzi. Anthuwa anali atalembetsa kalekale, ndiye sakanawabweza. Ndiponso atamva kuti malume akubwera kudzaona kumene Jonas amachokera, mayiwo anati palibe njira ina yabwino kuposa imeneyi. Ifeyo sitilipira, anawonjezera motero, ngati kuti vuto linali pamenepo.

Mayiwo anabwera, anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala, n'kunena kuti, "Birgit." Dzina loyamba, poyerayera. Ndinayamba malonje: mmene tayendera, mmene tawasiyira kunyumba, moni wochokera kwa achemwali. Ndisanafike n'komwe pa mvula ya chaka chino, anati, "Takulandirani ndi manja awiri. Tiyeni, nthawi yakwana." Ambulera ija inanyamuka, ndipo tonse tinailondola ngati anapiye.

Panalibe mpando, panalibe madzi osamba m'manja, ngakhale kufunsa kuti mlendo wadya. Mtima unandiwawa, ndisaname. Ine ndinayenda pansi ubwana wanga wonse, kusukulu, kuchigayo, kuchipatala, ndipo ndinawoloka nyanja kuti ndisadzayendenso. Kuno anthu a ndalama zawo akulipira kuti awayendetse pansi.

M'tchalitchimo munali mozizira ndi mwamdima, mawindo a magalasi amitundumitundu akuwala pamwamba. Mayi Birgit anati anachimanga zaka zoposa mazana asanu ndi limodzi, chifukwa ndalama zinatha pakati ndipo ntchito inaima kwa mibadwo ingapo. Apa pokha ndinasangalala. Tchalitchi chathu cha kumudzi takhala tikusonkhera denga kuyambira ndili mnyamata, ndipo anthu amatiseka. Ndikapita ndikawauza kuti tisataye mtima, tikadali m'ndondomeko.

Titatuluka, mkulu wina wa ku Amereka wa kabudula anandiyandikira.

"Ndinu abusa?" anafunsa.

"Ndine malume."

Anagwedeza mutu mwaulemu ngati ndatchula mpingo umene sanaumvepo.

Tinatsetserekera kumzinda wakale. Misewu yake ndi ya timiyala toyala, kamwala kalikonse kali ndi maganizo akeake, ndipo nsapato zanga zinayamba kundiuza zoona. Nditaona kanjira kosalala kofiira m'mbali, ndinapatukira komweko kuti mapazi apume. Nthawi yomweyo belu linalira kumbuyo, ndipo agogo ena a panjinga anandilambalala akulankhula mawu ambiri okhala ndi makhololo. Takondwa anandikoka jekete. "Ankolo, imeneyo ndi lane ya njinga. Akugundani, ndipo wolakwa mukhala inuyo."

Kenako tinafika pamtsinje wa Rhine. Ndi waukulu ndithu, wotambalala ngati Shire pa Liwonde, madzi ake otuwa ndi othamanga. Koma mulibe ng'ona, mulibe wochapa, mulibe ngakhale mwana woponya mbedza. Mumangodutsa zombo zazitali zophwatalala zonyamula katundu, ndipo pa chimodzi ndinaona galimoto yaing'ono itakwezedwa kumbuyo ndi zovala zoyanika pachingwe. Mayi Birgit anationetsa pakhoma pamene analemba mizere yosonyeza pomwe madzi osefukira anafika zaka zosiyanasiyana. Mzere wina unali pamwamba pa mutu wanga. Anthu awa salola ngakhale madzi kudutsa osawalemba.

Apo ndinakumbukira ntchito imene ndinabwerera. Gulu lili kalikiliki kujambula, ndinazembera kwa bambo wina wogulitsa masoseji m'kangolo. Ndinagula imodzi, mayuro anayi, kuti nkhani iyambe bwino, kenako ndinatsitsa mawu n'kuloza ndi mlomo.

"Mayi a ambulera aja, mumawadziwa? Banja lawo ndi lotani?"

Anasuzumira. "Amadutsa Loweruka lililonse," anatero. "Masitadi kapena tomato?"

Kafukufuku wanga anathera pomwepo. Kwathu wogulitsa wotere akanandiuza mpaka za azakhali amene anathawa ndi ndalama za chipereganyu.

Tinakwera pa mlatho uja tinawoloka ndi sitima. M'mbali mwake monse mwadzaza maloko, zikwizikwi, akulu ndi ang'ono, ena adzimbiri. Akuti anthu okondana amalemba mayina awo pa loko, amamukhoma pamenepo, kiyi n'kuponya m'madzi. Ndiye kuti ukwati wopanda ankhoswe umenewo. Zikavuta mulibe koti mukadandaule, mungopita kukafunsa nsomba. Ndinafunsa Jonas ngati nayenso anakhomapo wake. Anati ayi, Takondwa anakana kuti n'kuwononga loko wabwino. Ndinanyadira mwana wa achemwali.

Pobwerera tinachoka kumtsinje n'kulowa m'kamsewu kopanda alendo ena, ka nyumba wamba zosanja. Matuza anali ataphulika kale kuzidendene, ndipo ndinkayenda kumbuyo ngati mbuzi yokakamizidwa kupita kumsika. Ndinapeza gulu litaima mozungulira, onse akuyang'ana pansi. Pakati pa miyala ya msewu panali timapale tinayi ta mkuwa, kalikonse kukula kwake ngati chikhatho, tolembedwa mayina.

Mayi Birgit anapatsira Jonas ambulera. Anati timapale totere tili m'misewu yambiri ya ku Jeremani, pakhomo pamene pankakhala anthu amene boma la nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse linawatenga n'kukawapha, ambiri mwa iwo Ayuda. Apa panali bambo, mayi ndi ana awiri. Anawerenga mayina onse anayi pang'onopang'ono. Ndinavula chipewa.

"Banja limeneli linali ndi sitolo ya nsalu pansi apa," anapitiriza motero, mawu osasintha. "Amene anatenga sitoloyo pa mtengo wotsika kwambiri, eni ake ataumirizidwa kuigulitsa, anali agogo anga aamuna. Anatenganso mipando ya m'nyumba. Mayi anga anakula akudyera patebulo la anthu amenewa. Kunyumba sankanena. Ndinazitulukira ndekha ndili kale ndi mwana."

Atatero anagwada, anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta timapale tija kamodzikamodzi.

Ndinayang'ana Jonas, kuyembekezera kuti aweramitsa mutu kapena awakoka amayi ake kuti zakwana. Anangoima chilili atagwira ambulera. Ndinayang'ana alendo aja. Mkulu wa kabudula uja, banja lina la ku Korea, onse anamva. Ine ndinachoka ku Leicester nditakonzeka kunong'onezana ndi anansi kuseri kwa nyumba, ndinawononga mayuro anayi pa soseji, pamene chinsinsi chachikulu cha banjali mwini wake amachinena pamsewu Loweruka lililonse kwa aliyense wobwera.

Ganizo langa loyamba linali la umalume: eya, ndachipeza chokanena ku Dedza. Koma silinakhalitse. Ndinayesa kulingalira munthu mmodzi wa kwathu amene angaime pamsika n'kunena kuti munda uwu agogo anga analanda, ndipo sindinamupeze. Ifetu pamaliro timatamanda ngakhale munthu amene mudzi wonse wapuma atapita.

Ulendo unathera pabwalo lina laling'ono. Alendo anawomba m'manja n'kubalalika. Ife anayi tinalowa m'nyumba yomwera mowa yakalekale, ya matebulo a matabwa opanda nsalu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'dziko la Jeremani ndinapatsidwa mpando. Ndinavula nsapato pansi pa tebulo mwakachetechete.

Mowa wa kumeneko amabweretsa m'timatambula tating'ono toonda ngati toyezera magazi kuchipatala. Ndinamwa kamodzi kuti ndichotse fumbi kukhosi. Ndisanakaike pansi bwinobwino, weta anali ataikapo kena. Ndinati koma ulemu uwu, ndipo mlendo sakana. Ndinamwa, anaikanso. Nditamaliza kachitatu Takondwa anatenga kakatoni koikapo tambula n'kuvundikira pamwamba. "Ankolo, mukapanda kutseka chonchi sasiya. Tikunyamulani pa wheelchair." Chakudya chinali mbatatesi yoponda yosakaniza ndi maapozi, pambali soseji ya magazi. Sindinganene kuti chinali choipa, koma sindinafunse kaphikidwe kake.

Nditapukuta pakamwa ndinakonza tayi n'kufunsa kuti akuluakulu a kuchimuna afika nthawi yanji. Jonas anayang'ana amayi ake. Anati bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Malume alipo mmodzi ku Hamburg, koma amangotumizirana khadi pa Khirisimasi.

"Akuluakulu ndine ndemwe," anatero Mayi Birgit. "Lankhulani."

Ndinalankhula. Ndinati mwana wanu waona duwa m'munda mwathu, ndipo ife sitinabwere kudzakangana koma kudzadziwana. Ndinapereka chitenje ndi tiyi. Anachitambasula pomwepo, anachiyamikira, n'kufunsa ngati chimachapidwa ndi madzi otentha. Kenako anapinda manja patebulo n'kundiyang'ana m'maso, zimene apongozi kwathu sachita.

"Zathu mwazimva kumsewu kuja," anatero. "Ndinafuna muzimve kwa ine, osati kwa wina. Nanga inu, pali zimene ndiyenera kudziwa za banja lanu?"

Yankho ndinali nalo kale, losita bwino ngati suti yanga: ndife banja lopemphera, la anthu ophunzira, lopanda mbiri. Ndinatsegula pakamwa. Takondwa anali atayang'ana pansi, akuzunguza kakatoni kaja ndi chala, nkhope yake ili ngati ya mwana amene akudikira kuti akuluakulu amalize kumukambirana. Ndinali nditaiwonapo nkhope imeneyo zaka khumi zapitazo, pakhonde la achemwali. Ndinadziwa kuti ndikanena zoona ukwati ukhoza kuthera patebulo pomwepo, ndipo ku Dedza sadzandikhululukira. Koma mawondo a thalauza la mayiwo anali akadali ndi fumbi la mumsewu muja, ndipo bodza langa linakana kutuluka. Mwina timatambula tija tinathandizako.

"Takondwa ali ndi mwana," ndinatero. "Wamkazi, dzina lake Pemphero. Kwathu timati ndi wa achemwali anga, koma ndi mwana wa Takondwa."

Ndinadikira kuti denga ligwe.

"Pemphero, inde," anatero Mayi Birgit. "Wokonda masamu uja. Takondwa anandiuza tsiku loyamba kubwera kuno. Chithunzi chake chili pafiriji yanga. China?"

China panalibe. Ndinakhala ngati munthu amene wathyola chitseko ndi phewa pamene chinali chosakhoma. Jonas anali akumwetulira. Koma Takondwa anaimirira mwadzidzidzi n'kutuluka panja. Ndinavala nsapato, zidendene zikulira, n'kumutsatira.

Ndinamupeza atatsamira chitsulo cha m'mbali mwa mtsinje, misozi ili chuchuchu. Ndinayamba kupepesa kuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi.

"Si zimenezo, ankolo," anatero. "Zaka ten zonsezi palibe wa kwathu ananenapo mawu amenewo ine ndikumva. Ngakhale mmodzi. Ine ndemwe ndimati ndikamanena ndimamva ngati ndikuba." Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Tanenaninso."

"Pemphero ndi mwana wa Takondwa," ndinatero, m'Chichewa tsopano.

Tinaima pamenepo mpaka chombo china chachitali chinadutsa chonse. Ndinachita manyazi kwambiri, komanso ndinamva kupepuka.

Tinagona kwa Mayi Birgit, m'nyumba ya pamwamba yopanda chikepe. Anandipatsa beseni la madzi ofunda ndi mapulasitala, ndipo Lamlungu m'mawa ndinanyamuka nditavala nsapato zakale za Jonas, suti pamwamba. Ku Birmingham tinatera masana, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse. Basi itangolowa mumsewu waukulu wopita ku Leicester, ndinaimbira achemwali. Takondwa anali pambali panga, maso ali pawindo.

"Mwakaona kwawo?" anafunsa achemwali.

"Ndakaona. Wapansi, mzinda wonse."

"Ndi anthu?"

"Ndi anthu. Ali ndi mbiri yawo yolemera, ndidzakufotokozerani. Koma sabisa."

"Nanga zija simunatchule?"

"Ndinatchula, achemwali. Ankadziwa kale."

Achemwali anati, "Tinakutumani kukafufuza kapena kukaulula?" Foni inaduka.

Sindinaimbenso. Ndinaganiza kuti mwambo wathu wokaona kwawo kwa mwamuna ndi wabwino ndithu, ndipo sindidzausiya. Kungoti pamene anaukonza anaiwala kutiuza kuti wokaona nayenso amaonedwa. Tinadutsa minda yonyowa, nkhosa, nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Ine ndinayamba kukonza m'mutu mawu okapepesera ku Dedza.

Tikulowa mu Leicester foni inalira. Anali achemwali, mawu ali owuma ngati a munthu amene wabwera kudzabwereka mchere kwa mdani.

"Mpatseni foni Takondwayo," anatero. "Mwana wake nsapato za kusukulu zamuthina."